Mwana wanga watupa milomo atadya phala la nsinjiro, ndithandizeni

Abale anga pa gulu lino, ndine mayi wa ku Domue, kuno ku Angónia. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 2. Lachiwiri m'mawa ndinamuphikira phala la mgaiwa n'kuthiramo nsinjiro masipuni awiri. Asanamalize n'komwe, anayamba kudzikanda m'khosi, kenako thupi lonse linachita zidzolo zofiira ngati wadutsa pa chitedze. Mlomo wam'mwamba unatupa, diso lakumanzere n'kutsekeka. Pofika masana zinaphwa zokha. Aka n'kachiwiri. Koyamba kanali mu Julayi atanyambita chiponde kwa azakhali ake.

Apongozi anga akuti ndizimupatsabe pang'onopang'ono kuti azolowere, poti kwathu kuno mtedza timalima tokha ndipo nkhwani wosatendera sitimudziwa. Koma mtima wanga ukukana. Kodi zimenezi ndi ziwengo? Nditani?

Bambo wa ku Moatize: Pepani mayi. Ine fumbi la malasha likachuluka ndimayetsemula usiku wonse, maso kuyabwa, chifuwa kubanika. Zanuzo zikuoneka ngati za chakudya, musazitenge mopepuka.

Namwino wa ku Tete: Mayi, mtedza musiyeni kaye lero lomwe, ndipo musayese zomuzoloweza kunyumba. Ziwengo zimabwera chitetezo cha m'thupi chikalakwitsa, n'kumalimbana ndi chinthu chosavulaza ngati kuti ndi matenda. Pamenepo thupi limatulutsa histamine, ndiye amene amayabwitsa ndi kutupitsa. Za chakudya zimaoneka pakangopita mphindi zochepa, mwina mpaka maola 2. Kwa ana zimakonda kuyamba ndi mtedza, mazira, mkaka wa ng'ombe ndi nsomba. Ena zimawachitikira akalumidwa ndi njuchi, ena akamwa mankhwala monga amoxicillin kapena cotrimoxazole. Choopsa n'chakuti kuphwa kwa Lachiwiri sikukutanthauza kuti ulendo wina zidzakhala chimodzimodzi. Mukadzaona lilime latupa, mawu asintha, akupuma molira m'chifuwa, akusanza kapena walefuka, thamangani naye kuchipatala osadikira kuche. Chimene chimapulumutsa pamenepo ndi jakisoni wa adrenaline. Mankhwala a ziwengo otchedwa chlorpheniramine amangochepetsa kuyabwa.

Mayi wa ku Furancungo: Wanga zinkamuchita ndi mazira, atafika zaka 6 zinatha. Limbani mtima.

Namwino wa ku Tete: Za mazira ndi mkaka nthawi zambiri zimathadi mwana akamakula, koma za mtedza ambiri amakula nazo. Mayi, kodi m'banja mwanu muli wodwala mphumu? Zimakonda kuyenda m'magazi.

Mwini funso: Eee, bambo ake ali ndi mphumu, nyengo yozizira ya Juni savutika pang'ono. Zikomo kwambiri anamwino. Lachiwiri lija ndinajambula nkhope yake pa foni, mawa ndikwera njinga yamoto kupita kuchipatala ku Ulongué ndikawaonetse.

Bambo wa ku Zóbuè: Muwauzenso anansi ndi ana anzake. Mwana wa zaka 2 amalandira chilichonse chimene wapatsidwa.

Mwini funso: Pamenepo ndiye pondidetsa nkhawa. Ndikapita kumunda amatsala ndi agogo ake, ndipo mtondo umene amasinjira mtedza ndi womwewo timakonolera chimanga. Anamwino, kodi kuutsuka bwinobwino n'kokwanira, kapena ndigule wina wapadera?