Mtsikana wachialubino akukana chipewa ndi mpando wakutsogolo

Madamu Phiri, Giredi 5, Chawama, Lusaka:
Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. M'kalasi mwanga muli mtsikana wachialubino, katswiri pa masamu, koma teremu ino wasintha. Chipewa amachipinda n'kuchiponya m'chikwama akangolowa pageti. Ndikamuika kutsogolo, amabwerera kumbuyo. Powerenga amasendeza buku mpaka pamphuno, ndiye anzake akaseka amalitseka n'kungoti phee. Lolemba anabwera nsidze atazidetsa ndi pensulo ya amayi ake. Ndikuganiza zomuimika pa asembule n'kufotokozera sukulu yonse za chialubino. Mukuona bwanji?

A Banda, Matero:
Zomuimikazo ayi, Madamu, chonde. Mwana akuthawa maso a kalasi imodzi, mum'patse maso a sukulu yonse? Nkhaniyo ikambeni pa sayansi, osatchula dzina lake. Auzeni kuti mtundu wa khungu, tsitsi ndi maso umachokera ku melanin, ena amabadwa nayo yochepa kwambiri, ndipo amatengera kwa makolo onse awiri, osati mayi okha. Sizipatsirana. Amene amalavula malovu m'malaya akamuona, aitaneni paokha, chifukwa zimenezo anazitola kunyumba.

A Mwale, Kanyama:
Ine za chipewa sindinyengerera. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Zilonda za pakhosi ndi m'makutu zimayamba pang'onopang'ono, mapeto ake ndi ku Cancer Diseases Hospital, chipatala cha khansa. Avale basi, afune asafune.

Madamu Zulu, maphunziro apadera, Kamwala:
A Mwale, za dzuwa mwanena zoona, koma mukamukakamiza adzavala mukamuona, mukatembenuka chili m'chikwama. Taonani kumene mwanayu waima. Chipewa chili pa iye yekha, mpando wapadera ndi wake yekha, mafuta oteteza ku dzuwa adzola yekha. Thandizo lililonse likumuloza chala. Ndiye chotsani chalacho, thandizo likhale.

Kambiranani ndi ahedi kuti mwana aliyense aziloledwa chipewa cha mlomo waukulu pa buleki ndi pa masewera. Ana asanu akavala, nkhani yatha. Mipando sinthani kalasi yonse tsiku limodzi, iye apezeke kutsogolo ndi mnzake amene amagwirizana naye, kutali ndi zenera chifukwa kuwala kumamuthobwa m'maso. Mufunseni kuti akuona bwino ali pati, musamusankhire. Maso a ana ambiri achialubino amagwedezeka okha, ndipo ena amapendeketsa mutu kuti aone bwino. Si chipongwe, musamuwongole. Ngakhale kutsogoloko bolodi limavutabe, choncho lembani zilembo zazikulu, muziwerenga mokweza zimene mukulemba, ndipo manotsi mum'patse papepala mwakachetechete. Mafuta oteteza ku dzuwa, a SPF 30 kapena kuposa, azidzolera ku ofesi kapena kustafu, osati pamaso pa anzake.

Za nsidzezo musamukalipire. Akukuuzani kuti akadziona pagalasi sakukondwa. Komanso musayambe zomuuza tsiku lililonse kuti ndiwe wokongola, ana amadziwa akamawamvera chisoni. Mwati amatha masamu? M'patseni gulu aziliphunzitsa. Anzake azim'funa chifukwa cha mafulakishoni.

A Mwale:
Chabwino, ndamva. Koma asembule yapadzuwa ija ichepe, kapena kalasi yonseyo iziima pamthunzi. Malaya a manja aatali nawonso aloledwe.

A Banda:
Ndiwonjezere. Mwina mwanayu sanaonepo wamkulu wachialubino amene zake zikuyenda. Komatu kalembera wa 2010 anapeza anthu achialubino oposa 25,000 m'Zambia muno. John Chiti, woimba uja, anayambitsa Albinism Foundation of Zambia mu 2008. Lemberani bungweli mupemphe munthu adzacheze ndi ana, koma adzakambe za ntchito yake ngati mlendo wina aliyense. Pa 13 Juni pamakhala tsiku la dziko lonse lokumbukira za chialubino, koma musadikire mpaka pamenepo.

Madamu Phiri:
Zikomo nonse, zomuimika pa asembule zija ndazisiya. Mawa ndikaonana ndi ahedi za zipewa, Lachisanu ndisintha mipando. Amayi ake amagulitsa pamsika, ndiwapeza Loweruka tikambe tokha awiri. Madamu Zulu, nanga za maso ndi mayeso ndiyambire pati?

Madamu Zulu:
Amayi apite naye kuchipatala cha maso ku UTH (University Teaching Hospital) akamuyeze. Magalasi amathandiza, koma auzeni pasadakhale kuti sathetsa vuto lonse, angakhumudwe. Kalata ya dokotala muisunge m'fayilo yake. A ECZ, bungwe loyendetsa mayeso m'Zambia muno, amapereka mapepala a zilembo zazikulu kwa ana ovutika kuona, koma sukulu iyenera kunena polembetsa mwana, osati tsiku la mayeso. Matesiti anu a pamwezi yambani kumukulitsira panopa kuti azolowere, ndipo musindikize mapepala aakuluwo angapo, aliyense wofuna atenge.