Galamafoni pa ampulifaya ya digito yokhayokha: ndilumikize bwanji?

Chimbale33:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Galamafoni yanga ili ndi katiriji (kachida kogwira singano) ya MM, kapena kuti moving magnet, kumbuyo kumatuluka mawaya awiri a RCA ndi kawaya kopyapyala ka ground. Ampulifaya ndiye ilibe polowera pa analog, pali optical, coaxial ndi USB basi. Kodi kabokosi kaja kosintha RCA kukhala optical n'kokwanira pakokha? Ndikufunanso kumasunga zimbale zina mu kompyuta.

WaMawaya:
Pakokha ayi, achimwene. Mukalumikiza chomwecho mudzamva nyimbo chapansipansi, yowonda, yopanda besi, ngati ikuchokera m'chitini. Zifukwa zake ndi ziwiri.

Katiriji ya MM imatulutsa magetsi ochepa zedi, 3 mpaka 5 mV, pamene kabokosiko kamadikira mphamvu ya line, kuyambira 0.3 V kufika 2 V yomwe CD player imatulutsa. Kumeneko n'kuchepa chabe. Chachikulu ndi RIAA, muyezo wa mmene mawu amasinthidwira podula zimbale. Podula chimbale amatsitsa besi dala, pafupifupi 20 dB pa 20 Hz, kuti mizere isatambalale n'kudya malo, ndipo mawu apamwamba amawakweza pafupifupi 20 dB pa 20 kHz kuti aphimbe phokoso la pulasitiki. Muyezo umenewu unakhazikitsidwa mu 1954. Posewera pamafunika chida chobweza zonsezo m'malo mwake, chomwe ndi phono preamp. Imakweza ndi 40 dB, kutanthauza kuchulukitsa ka 100, ndiye 5 mV ija imasanduka 0.5 V.

Mndandanda wake ukhale galamafoni, phono preamp, ADC (kabokosi kaja kosintha analog kukhala digito), kenako optical kapena coaxial kupita ku ampulifaya. Preamp ikhale ya impedance ya 47 kΩ polowera, kutanthauza mlingo wa mmene imakanizira magetsi. Waya wochokera ku galamafoni asapitirire kwambiri mita imodzi, chifukwa mita iliyonse imawonjezera capacitance (kusunga magetsi m'waya) ya pafupifupi 100 pF, ndipo MM zambiri zimafuna zonse pamodzi zikhale cha m'ma 100 mpaka 200 pF. Zikapyola, mawu apamwamba amasongoka kenako n'kugwa msanga. Ngati pakufunika waya wautali, utalikewo ukhale pambuyo pa preamp.

Musanagule kanthu, suzumirani kumbuyo kwa galamafoniyo. Ngati pali kabatani kolembedwa PHONO/LINE, preamp ilimo kale: ikani pa LINE, pitani ku ADC mwachindunji. Mukaika pa LINE n'kudutsanso mu preamp ina, RIAA imachitika kawiri, besi imafufuma ndipo mawu amasweka.

Chimbale33:
Zikomo kwambiri, kabataniko palibe. Nanga audio interface ya USB yokhala ndi polowera maikolofoni? Ili ndi gain (mphamvu yokweza mawu) yambiri, singalowe m'malo mwa preamp?

Singano_MC:
Musatero. Polowera maikolofoni pali impedance ya 1.5 mpaka 3 kΩ, yochepa kwambiri kwa MM, choncho mawu apamwamba amafa asanafike n'komwe ku ADC. RIAA mulibemo. Ndipo mukadina mwangozi batani la 48 V lotumiza magetsi ku maikolofoni, magetsiwo akhoza kufika pa tiwaya ta m'katiriji. Alipo amene amajambula opanda RIAA n'kukaikonzera mu kompyuta, koma amagwiritsa ntchito preamp yapadera ya 47 kΩ. Kwa inu ndi ntchito yosafunika. Interface ndi yabwino ikalandira kuchokera ku phono preamp, polowera pa line.

Pamene anthu ambiri amaphonya ndi pa mlingo. Digito ili ndi denga, 0 dBFS, ndipo mawu akagunda pamenepo amadulidwa mutu, simungawakonzenso. Tengani chimbale chofuula kuposa zonse zomwe muli nazo, makamaka cha mainchi 12 cha 45 rpm, sewerani pamene nyimbo yakwera kwambiri, n'kutsitsa gain mpaka nsonga zizifika cha pa -6 dBFS. Malo otsalawo ndi a kuthetheka kwa fumbi ndi mikwingwirima ya pachimbale, zomwe zimadumpha kuposa nyimbo. Timabokosi totchipa tambiri tilibe chochepetsera kapena kanyali kochenjeza, ndiye ngati ADC ilibe, preamp ikhale nacho.

Za manambala: 24 bit, 48 kHz zakwana. Phokoso la chimbale chabwino limakhala 60 mpaka 70 dB pansi pa nyimbo, pamene 16 bit yokha imafika 96 dB. Ubwino wa 24 bit ndi woti mutha kusiya malo ambiri pamwamba osataya kanthu. Onaninso buku la ampulifaya: zina, makamaka ma soundbar, pa optical zimakana chilichonse choposa 48 kHz, zimangokhala chete.

MaloAbata:
Pa 48 kHz ndikuvomereza ngati n'zongomvera. Koma posunga ine ndingasankhe 96 kHz, osati poti khutu limva kusiyana, koma mapulogalamu ochotsa kuthetheka amakuzindikira bwino akakhala ndi zambiri zoti aone. Mtengo wake ndi malo: 24/96 stereo imadya pafupifupi 35 MB pa mphindi, mbali imodzi ya mphindi 20 ndi pafupifupi 690 MB mu WAV. Jambulani ndi pulogalamu ya Audacity mbali yonse osaimitsa, dulani nyimbo pambuyo pake, sungani mu FLAC, yomwe imachepetsa fayilo osataya mawu. Musasunge kope loyamba mu MP3.

Pofuna zonse ziwiri, kumvera ndi kusunga, pezani ADC kapena interface yokhala ndi USB komanso potulukira S/PDIF (optical kapena coaxial). USB ya ampulifaya siingakuthandizeni apa. Nthawi zambiri imadikira kompyuta kapena flash, ndipo zida ziwiri zodikira kompyuta sizingalankhulane zokha.

Kenako pali kung'ung'uza kwa magetsi kwa 50 kapena 60 Hz. Kawaya ka ground mukamange pa sikuluu ya GND ya phono preamp, osati pa ampulifaya. Kukapitirira, ndiye kuti magetsi apeza njira ziwiri zopitira pansi. Apa optical imapambana coaxial, chifukwa mumadutsa kuwala, palibe chitsulo cholumikiza zida ziwirizo. Mukakonda coaxial, waya akhale wa 75 Ω. Laputopu ikamabweretsa kaphokoso kosongoka, zulani chaja muone ngati kasiya. Preamp isagone pamwamba pa thiransifoma kapena pafupi ndi rauta.

Chimbale chopindika chimatulutsa kugwedera kwa pansi pa 20 Hz komwe simukumva, koma mudzaona sipika ikupuma ngati chifuwa, ndipo kumadya malo mu ADC. Preamp ikakhala ndi subsonic filter yosefa kugwederako, yatsani. Pojambula tsitsani masipika, apo ayi besi imabwerera kudzera pa tebulo n'kulowanso mu singano.

WaMawaya:
Ndiwonjezere kamodzi. ADC imajambula chilichonse chomwe yapatsidwa, fumbi lomwe. Tsukani chimbale, pukutani singano kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, ndipo kulemera kwake muyese ndi kasikelo mogwirizana ndi zomwe wopanga katirijiyo analemba, kawirikawiri 1.5 mpaka 2.5 g. Singano yopepukitsa ndi imene imaswa mawu pa "s" ndi kuwononga mizere, osati yolemera pang'ono. Ndalama zikachepa, zambiri zipite ku preamp ndi singano yatsopano, ADC yapakatikati ikukwanirani.