Wophunzira akuchita nseru ndi zithunzi za m'buku, timuthandiza bwanji?

Mlangizi wa ophunzira unamwino, Dedza: Anzanga, ndigawireniko nzeru. Mtsikana wa chaka choyamba akangotsegula buku pa zithunzi za zilonda zamoto kapena Kaposi (khansa yooneka pakhungu), nseru, thukuta, m'maso mdima. Mwezi wamawa akuyamba kuwodi, ndipo mukudziwa June ndi July kuno kwathu, ana ogwera pamoto pootha sasowa.

Clinical officer, Ntcheu: Amayi, yambani mwasiyanitsa. Kunyansidwa n'kwina, kukomoka n'kwina. Ngati makutu akulira, nkhope ikutuwa, m'maso mukuda, imeneyo ndi vasovagal: mtima umayamba wathamanga, kenako umabwerera mwadzidzidzi, BP imagwa, magazi osafika bwino kuubongo. Wotereyu musamuuze kuti amasule thupi, mukhala mukumugwetsa. Aphunzire applied tension: alimbitse minofu ya manja, miyendo ndi pamimba masekondi 10 mpaka 15, mpaka amve kutentha kumaso, apumule masekondi 20 mpaka 30, abwereze kasanu. Polimbitsapo azipuma bwinobwino, asagwire mpweya. Aziyeserera kasanu pa tsiku kwa sabata yathunthu, buku lili chitsekere.

Namwino wa kuwodi ya opaleshoni: Zoona achimwene. Akabwerera kubuku, pang'onopang'ono. Aphimbe chithunzi ndi pepala, awerenge mawu okha. Kenako fotokope yopanda mtundu, ndiye pomaliza chenichenicho, akusuntha pepala lija kuyambira m'mphepete. Pomwe ambiri amalakwitsa ndi apa: amatseka buku nseru ili pachimake. Mutu umaphunzira kuti kuthawa ndiwo mankhwala, mawa lake zimanyanya. Akhalebe pachithunzicho mpaka nseru itatsika ndi theka, ngakhale zitenge mphindi 20.

Komanso maso apatseni ntchito. Asamangoyang'ana, azilemba: chilonda chili pati, masentimita angati, m'mphepete mwake mukuoneka bwanji, pali matuza kapena ayi. Pa zamoto awerengetsere gawo la khungu lomwe lapsa: mkono wa wamkulu 9 peresenti ya thupi lonse, mwendo 18, chikhatho cha wodwala pamodzi ndi zala pafupifupi 1. Akumbukire kuti kwa mwana mutu umatenga gawo lalikulu, manambala a wamkulu sagwira.

Matron wopuma, Dedza: Ana anga, musaiwale kuti buku silinunkha. Wina amazolowera zithunzi, n'kukagwa tsiku lomasula bandeji. Asalowe m'wodi ndi njala, phala ndi madzi m'mawa. Ka Vicks pang'ono pansi pa mphuno, masiki pamwamba. Masiku oyamba aziima kumbuyo, pafupi ndi mpando, osaumitsa mawondo. Akamva zikubwera abwerere, akhale pansi, mutu pakati pa mawondo, kapena agone miyendo itakwezedwa. Asadzilimbitse atanyamula thireyi. Ndipo muuzeni mwaulemu kuti wodwala amayang'ana nkhope ya namwino. Mayi wa fistula, wodontha mkodzo chifukwa chovulala pobereka, wasalidwa kale kumudzi, asadzaonenso ife tikukwinya mphuno.

Clinical officer, Ntcheu: Chimodzi ndinasiya. Ngati amakomokanso popanda choona, mumuyeze Hb (kuona ngati magazi ndi ochepa), shuga, komanso ngati ali ndi pakati. Akamakomoka pothamanga, kapena akudandaula za pachifuwa, imeneyo si ya zithunzi ayi, apite ku ECG, akamuyeze kagundidwe ka mtima.

Mlangizi: Zikomo nonse. Lolemba tiyamba ndi kulimbitsa minofu. Asisi a kuwodi, akafika poyamba mumuonetse chilonda chomwe chikupola, osati chatsopano.

Namwino wa kuwodi ya opaleshoni: Mubwere naye cha m'ma 10, titamaliza kutsuka zikuluzikulu.