Nyumba yobisalako amayi ozunzidwa ija anatseka, mng'ono wanga ndipite naye kuti?

NaPhiri wa ku Chamama

Abale anga mwaswera bwanji. Ndalemba kuno chifukwa mutu wanga waima ndipo kumudzi sindingafunse munthu, mukudziwa nkhani ikangotuluka pakamwa mawa lake yafika kale kwa mwini wake. Mng'ono wanga anafika kwanga Lachiwiri usiku cha m'ma 11, mwana wina kumsana wina akumukoka padzanja, diso lotupa, mkono sakutha kuukweza. Alamu angawo agulitsa fodya ku Chinkhoma ndalama zalowa, ndiye mng'ono wangayu anangofunsa kuti za fizi ndi za feteleza tipatule zingati zisanathe, mlandu wake ndi umenewo basi.

Aka si koyamba. Ulendo wina anamugulula dzino, koma nthawi imeneyo kunali bungwe lina pa boma pa Kasungu lomwe linali ndi kanyumba kosungirako amayi otere, anakhalako masabata awiri mwamunayo osadziwa komwe ali, anamuperekeza kuchipatala, kupolisi, mpaka transipoti ankamulipirira. Dzulo ndaimbira mayi amene anatithandiza uja akuti achemwali pepani pulojekiti inatha, ndalama zinasiya kubwera, nyumba ija tinabweza kwa mwini wake, ineyo pano ndikugulitsa kaunjika. Ndinangokhala pansi foni ili m'manja.

Vuto ndi loti kwanga kuno alamuwo akudziwako, dzulo madzulo anaimika njinga yamoto pamsewu kwa nthawi yaitali akungoyang'ana pakhomo, ine bambo a kunyumba kulibe ali ku Joni. Amene mukudziwa, kulinso malo ena ku Kasungu kuno kapena ku Lilongwe komwe munthu angabisaleko? Nanga zikakhala chonchi munthu amayambira pati?

Volontiya wakale

Achemwali pepani kwambiri, ndipo mwachita bwino kumutsegulira chitseko. Ine ndinagwirako ntchito imeneyi mongodzipereka mbali ya ku Santhe ndiye zomwe wakuuzani mayiyo ndi zoona, si iye yekha. Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lopita kunja, kenako USAID ija anaitsekeratu, a ku Britain nawonso analengeza kuti achepetsa lawo. Ngakhale izi zisanachitike zinthu zinali zitayamba kale kuphwa, Spotlight Initiative, pulojekiti ya EU ndi UN yolimbana ndi nkhanza kwa amayi, yomwe inali kwa aneba athu ku Dowa ndi Ntchisi inatha mu 2023. Anthu akamva zoti madona achoka amaganiza za magalimoto akuluakulu ndi ma workshop a ku nyanja, koma kumudzi kuno chomwe chinachoka ndi tinthu ting'onoting'ono, mayunitsi a foni, mafuta a njinga yamoto, lendi ya kanyumba, ufa ndi sopo wa mayi amene wathawa ndi chitenje chimodzi. Ine foni yanga imalirabe usiku mpaka lero, ndimayankha, koma kuti ndifike kumene kuli munthuyo ndi kabaza wa m'thumba mwanga.

Koma musataye mtima, lamulo silinapite ndi madona. Tili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 ndipo likugwirabe ntchito. Mawa m'mawa pitani naye ku Victim Support pa polisi, akupatsani kalata yopita nayo kuchipatala, lipoti la dokotala limenelo mulisunge ngati ndalama, mujambulenso mabalawo pa foni asanapole. Kenako mufunse za protection order kukhoti la majisitireti, ndi chikalata choletsa bamboyo kumuyandikira kapena kumuopseza ndipo akachiphwanya ndi mlandu. Khoti lili ndi mphamvu ngakhale yolamula kuti mayi ndi ana akhale m'nyumba, wozunzayo ndiye atuluke, ambiri sadziwa zimenezi. Za njinga yoima pamsewuyo mukanenenso, musazione ngati zazing'ono. Yesaninso kuimba 5600, ndi nambala yaulere ya nkhani za nkhanza, ya ana ndi 116, onsewa amayendetsa a YONECO, mwina angakuuzeni komwe kudakali malo. Ku ofesi ya social welfare pa boma mukafikekonso chifukwa cha anawo.

Usiku wa lero wokha musagone naye kwanuko. Pezani munthu amene alamu anuwo sangamuganizire.

Agogo a Tadala

Mwana wanga ndamva nkhani yako ndipo yandikhudza, inenso ndili ndi ana aakazi. Koma ndifunse, ankhoswe akudziwa? Ife kale kunalibe mabungwewa koma mabanja ankakhala, mwamuna akalakwa ankhoswe mbali zonse ankakhala pansi, zikakanika nkhani inkapita kwa amfumu ndipo munthu ankalipitsidwa mbuzi pamaso pa anthu, manyazi amenewo ankamuwongola. Sindikuti kumenya mkazi n'kwabwino ayi, mwamuna womenya mkazi ndi wopepera. Ndikungoopa kuti mukathamangira kupolisi bamboyo akatsekeredwa, ana adya chiyani, fodya wa chaka chamawa alima ndani?

Mayi a Pemphero, Kamwendo

Agogo ndikulemekezani koma pamenepa ndiloleni ndiyankhe poti ine ndi amene ndinadutsamo. Kwa ankhoswe ndinapitako kanayi. Ulendo uliwonse mawu ake amodzimodzi, banja ndi kupirira, bwerera ukalere ana, mwamunayo apepese ndi nkhuku, nkhukuyo adye ankhoswe omwewo ine ndibwerere kukamenyedwa. Ndinali wa chitengwa, mudzi wonse ndi abale ake, ndikakuwa usiku palibe ankatuluka. Khutu langa lakumanzere silimva mpaka lero. Ankhoswe ndi abwino pa nkhani ya kusamvana, ndiwo, ndalama, apongozi, koma munthu akafika pogulula mnzake dzino imeneyo si nkhani ya pansi pa mtengo.

Ine chomwe chinandipulumutsa ndi kanyumba ngati kamene akunena NaPhiriyu. Ndinagonamo masiku 9 okha. Anthu amaona ngati ndi pogona chabe koma ayi, ndi malo oyamba amene ndinagona tulo mpaka kucha osamvetsera mapazi pakhomo, ndipo mutu ukapuma ndi pamene umayamba kuganiza kuti kodi ndingathe kugulitsa tomato, kodi ana ndingawasamutsire sukulu iti. Uli m'nyumba ya wokumenya suganiza zimenezo, umangoganiza kuti lero abwera ataledzera kapena ayi. Ndiye ndikamva kuti malo otere akutsekedwa mtima umandiwawa zedi chifukwa ndikudziwa kuti pali mayi wina usiku uno wamanga kale kathumba koma akumasulanso poti alibe kolowera.

Funso la agogo loti ana adya chiyani ndi loona, ndi limene limatibweza ambirife. NaPhiri, mng'ono wanuyo fodyayo analima nawo, anasoka nawo, anakhala nawo m'chigafa, asamadzione ngati wopempha. Mukafunse ku Legal Aid, ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu, za chithandizo cha ana, bambo amayenera kusamala ana ake kaya banja lilipo kaya latha.

Kuno gulu lathu la banki m'khonde tinagwirizana kuti kathumba ka zadzidzidzi kaja, kamene timaponyamo za maliro ndi matenda, kazithandizanso mayi wothawa nkhanza pa transipoti, ndipo pali amayi atatu amene anavomera kuti pakhomo pawo munthu atha kugona masiku awiri atatu, maina awo timadziwa ochepa. Sizikwanira ayi, tilibe mlonda, tilibe mpanda, tsiku lina mwamuna wina anabwera ndi chikwanje tinachita kuitana a community policing. Koma n'zomwe tili nazo.

Namwino wa night

Ndingowonjezera za kuchipatala. Mkonowo usadikire, akaujambule, kuthyoka kwina sikuoneka kunja. Ndipo achemwali mumufunse muli awiri, mofatsa, ngati anamukakamizanso zogonana usiku umenewo, ambiri sanena poti amati ndi mwamuna wanga. Ngati zinachitika mankhwala oteteza ku HIV aja a PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndiye kuchokera Lachiwiri usiku nthawi yatsala pang'ono. Mapiritsi oletsa mimba yosakonzekera nawonso ali ndi masiku ake ochepa. Ku chipatala cha boma simulipira. Ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli Chikwanekwane komwe dokotala, wapolisi ndi wa uphungu amapezeka malo amodzi, koma yambani ndi chapafupi.

Mnyamata wa pa Nkhamenya

Ine zimandipweteka ndi zoti nkhani yaikulu chonchi tinaisiya m'manja mwa alendo. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 pa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, ndiye si nkhani ya mabanja awiri atatu, ndi amayi athu, azilongo athu. Lamulo tinapanga tokha mu 2006 koma nyumba zoti munthu athawireko tinkadikira kuti alipire ndi a kunja, iwo asintha maganizo kwawoko ife tatsala manja m'khosi. Chaka chilichonse kuyambira pa 25 November mpaka pa 10 December timaguba ndi zikwangwani masiku 16, ndalama ya ma T-shirt ndi ma alawansi a masiku amenewo bwenzi italipira lendi ya kanyumba miyezi ingapo. Tiwafunse makhansala ndi aphungu athu pamisonkhano kuti mu bajeti ya khonsolo muli chiyani cha amayi othawa nkhanza, ndalama ya chitukuko cha m'dera ija ya CDF imamanga milatho ndi midadada ya sukulu, chipinda chimodzi chokhala ndi loko wabwino pafupi ndi polisi chingavute? Ndipo amuna anzanga, nyengo ya fodya ino tikuonana m'mabala, mnzathu akamadzitama kuti ndamuphunzitsa mkazi tisamaseke nawo.

NaPhiri wa ku Chamama

Zikomo nonse, ndawerenga zonse ndipo zina ndamuwerengera mwini wake, pa mawu a Mayi a Pemphero analira. Usiku tinamusamutsa, ali kwa mayi wina wa kumpingo kwathu mbali ina, ana ali naye. M'mawa tinapita ku Victim Support anatilandira bwino ndipo kalata anatipatsa, kuchipatala apeza kuti fupa la mkono lachita mng'alu amuika pulasitala. Anamwino zomwe munanena zija ndinamufunsa, mankhwala wayamba lero, tinafika nthawi isanathe.

Agogo, ankhoswe tawauza, amalume akubwera Loweruka, koma ndawauziratu kuti kukambirana kulikonse mwanayu sabwerera kaye. Za khoti tipita Lolemba. Chomwe chikundisowetsa tulo ndi chakuti mayi wa kumpingoyo wati atha kumusunga mpaka Lachitatu lokha poti amuna awo akuopa, ndipo mwanayu wayamba kale kunena kuti mwina ndingobwerera, chimanga changa chili m'nkhokwe komweko, wamkulu akujomba kusukulu. Ngati alipo amene akudziwa malo odalirika ngakhale ku Lilongwe kapena ku Mzuzu andilembere ku inbox, musalembe pano poti sindikudziwa amene akuwerenga.