Mbale yosokedwa ndi tizitsulo yokhala ndi dzina la Kangxi: tizule tizitsuloto kapena tisiye?

Mmisiri wokonza zadothi, Cape Town

Akuluakulu ndi amayi nonse a m'gulu lino, ndabwera ndi ntchito imene yandiimika mutu kuyambira Lolemba, ndipo ndati ndisanaikhudze ndi chida chilichonse ndiyambe ndamva nzeru zanu. Mayi wina wachikulire wandibweretsera mbale yaikulu ya ku China, yoyera yojambulidwa ndi buluu, yotambalala masentimita 36, imene akuti inali ya agogo awo. Pakati pake pali mbalame ziwiri zitatera pa thanthwe, ndipo kunsi kwake kuli zilembo zinayi za Chitchaina zimene zimawerengedwa kuti Kangxi Nian Zhi, kutanthauza kuti inapangidwa m'nthawi ya mfumu Kangxi.

Mbaleyi inasweka patatu kalekale, ndipo amene anaikonza poyamba anaisoka kumbuyo ndi tizitsulo 11, monga mmene makolo ankasokera chipanda chong'aluka. Patapita zaka, chibenthu china cha m'mphepete chinachoka, ndipo wina anachimata ndi guluu amene tsopano wasanduka wofiirira ngati uchi wakale. Anachimata mopendekera, moti ndikayendetsa chikhadabo pamenepo chimakodwa. Tiwiri mwa tizitsulo tija tachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo lalowerera mumng'alu mpaka likuoneka kumaso kwa mbale ngati kamzere kofiirira.

Eni ake akufuna kuti ndizule tizitsulo tonse, nditseke mabowo, ndipakepo utoto kuti pasaoneke kuti panasweka, chifukwa wina anawauza kuti mbale za Kangxi zimagulidwa ndalama zambiri pa okushoni ku London. Mtima wanga ukukana kuzula, koma sindikufuna kukana ntchito ya munthu popanda chifukwa chomveka. Mungandilangize bwanji?

Wogulitsa zinthu zamakedzana, Johannesburg

Achimwene, musanakambe za tizitsulo yambani mwatsimikiza msinkhu wa mbaleyo, chifukwa ndi umene udzakuuzeni ngati ntchito yaikulu imene mayiwo akufuna ili yoyenera ndalama zawo. Kangxi analamulira kuyambira 1662 mpaka 1722, koma dzina lake lapitirira kulembedwa kunsi kwa mbale kwa zaka mazana atamwalira. Oumba a ku Jingdezhen, mzinda wa m'chigawo cha Jiangxi kumene zambiri mwa mbalezi zinkaotchedwa, anali ndi chizolowezi cholemba dzina la mfumu yakale polemekeza luso la nthawi imeneyo, ndipo ngakhale mbale zenizeni za nthawi ya Kangxi zambiri zili ndi dzina la Chenghua, amene analamulira kuyambira 1465 mpaka 1487. Komanso mu 1677 mkulu wa boma ku Jingdezhen analetsa kulemba dzina la mfumu pa mbale, poopa kuti zikasweka dzinalo litayidwa kudzala, n'chifukwa chake zambiri za nthawiyo zili ndi mizere iwiri yozungulira yopanda kanthu m'kati, kapena kachizindikiro ka tsamba.

Chimene chandikayikitsa pa mbale yanuyo ndi zilembo zinayizo. Chizindikiro cha Kangxi chimene timachidalira kwambiri chimakhala ndi zilembo zisanu ndi chimodzi, zoyamba ndi Da Qing. Cha zilembo zinayi, pa zimene zadutsa m'manja mwanga, pafupifupi nthawi zonse chimakhala cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, makamaka m'nthawi ya mfumu Guangxu, kuyambira 1875 mpaka 1908, pamene azungu anayamba kulimbirana zabuluu zakale ndipo ng'anjo za ku Jingdezhen zinayambanso kuumba zofanana nazo zochuluka. Tembenuzani mbaleyo mutiuze za mkombero umene imakhalira pansi, pamene palibe glaze, kachikuto konyezimira ngati galasi kamene kamakuta mbale. Dothi la Kangxi pamenepo limakhala loyera, lothinana ndi losalala, ndipo buluu wake amasiyana kuya kwake pa chithunzi chimodzi, pena wakuda pena wopepuka, moti thanthwe limaoneka ngati lili ndi mbali yowala ndi mbali ya mthunzi.

Mmisiri wokonza zadothi, Cape Town

Zikomo bambo. Ndaitembenuza pansi pa nyale ndipo mkomberowo ndi wotuwira pang'ono komanso wokhakhala ndikaupapasa. Buluu wake ndi wowala ndithu, koma ndi wofanana paliponse, ndipo wojambulayo anayamba walemba mizere kenako n'kudzazamo utoto. Mawu akuti CHINA palibe, ndipo eni ake akutsamira pamenepo ponena kuti ndi yakale kwambiri.

Wogulitsa zinthu zamakedzana, Johannesburg

Kusowa kwa mawuwo sikutsimikiza kanthu. Lamulo lofuna kuti katundu alembedwe dziko limene wachokera linali la ku America, lotchedwa McKinley Tariff la 1890, ndipo linkakhudza katundu wolowa m'dziko limenelo. Mbale yopita ku Britain kapena kuno kummwera inkatha kubwera yopanda mawuwo. Malinga ndi zimene mwafotokoza, ine ndinganene kuti ndi ya nthawi ya Guangxu. Ndi mbale yakale yabwino yazaka zoposa zana, koma si imene mayiwo anauzidwa.

Mayi wokonza zadothi ndi magalasi, Edinburgh

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Johannesburg pa za msinkhu, ndipo ine ndikamba za tizitsulo, chifukwa pamenepo ndi pamene mbaleyo ingawonongekere m'manja mwanu. Wosoka mbale sankaboola mpaka kutulukira kumaso. Ankaboola timabowo tofika pakati pa dothi, topendekera pang'ono choloza kumng'alu, ndipo ankapinda kachitsulo kofupikirapo kuposa mpata wa mabowo awiriwo, kuti akakalowetsa kazikoka zibenthu ziwirizo n'kuzithinitsa. Mipata yotsala ankaitseka ndi pulasitala woyera. Ndiye kuti tizitsulo 11 timeneto si zokongoletsa ayi, ndi timene tagwira mbaleyo zaka zonsezi popanda guluu. Mukazula tonse, mutsala ndi zibenthu zitatu ndi mabowo 22 oti mutseke, ndipo bowo lililonse ndi mwayi woti dothi la m'mbali mwake libenthuke pozula.

Luso limeneli ndi lakale ndipo lili ndi ulemu wake. Matteo Ricci, wansembe wa ku Italy amene anakhala ku China mpaka anamwalira mu 1610, analemba modabwa kuti mbale yosweka ikasokedwa ndi waya wamkuwa imasunga madzi osadontha. Ku Tokyo National Museum kuli mbale yobiriwira ya ku Longquan ya m'zaka za m'ma 1200, yotchedwa Bakohan, imene kutchuka kwake kwagona pa tizitsulo tosokera mng'alu wake, ndipo palibe amene angaganize zotizula. Kuno ku Britain anthu ankasokabe mbale motere mpaka pakati pa zaka za m'ma 1900, pamene guluu wa epoxy anafala, ndipo lero alipo osonkhanitsa zinthu zakale amene amafunafuna mbale zosokedwa dala.

Chitani ichi kaye: tengani kamaginito muyese kachitsulo kalikonse. Kamene kakana maginito ndi kamkuwa, kasiyeni mmene kalili. Kamene kakokedwa ndi kachitsulo chenicheni, ndipo ngati kayamba kale dzimbiri kayenera kuchoka, chifukwa chitsulo chikamachita dzimbiri chimatupa, ndipo chikatupira m'kabowo kothina chimang'alula dothi.

Mmisiri wa mipando yakale, Blantyre

Amayi, mawu anu ndi omveka, koma ndiloleni nditsutse pang'ono ngakhale ntchito yanga ndi ya matabwa. Mbaleyo ndi ya kasitomala, si ya nyumba yosungira zinthu zakale. Ine munthu akandibweretsera kabati ya agogo ake n'kunena kuti ndichotse vanishi yense, ndimamuuza zimene atayepo, koma akaumirira ndimachita, chifukwa ndikakana apita kwa wina amene adzaipala ndi makina mpaka kuimaliza. Kodi si bwino kuti achimwenewa azule okha mosamala kusiyana n'kuti mbaleyo ikagwe m'manja mwa munthu wa pulayala ndi supagulu? Pa za kamzere kofiirirako, ine ndinaonapo anthu akuviika mbale m'madzi a Jik usiku wonse ndipo zimatuluka zoyera. Ndipo chibenthucho bwanji osangochimata ndi guluu wa Paraloid B-72, amene mumatiuza kawirikawiri kuti amamatuka ndi mankhwala osungunulira a asetoni munthu akafuna kubwereza ntchito?

Mayi wokonza zadothi ndi magalasi, Edinburgh

Bambo, pa mfundo yoyamba simunalakwe, mawu omaliza ndi a eni ake. Koma mayiwo apempha ntchito imeneyi chifukwa akukhulupirira kuti ali ndi mbale ya Kangxi ndiponso kuti kubisa mng'alu kukweza mtengo, ndipo zonse ziwiri si zoona. Nyumba za okushoni zimaunika katundu ndi nyale ya UV, utoto watsopano umaonekera poyera, ndipo amalemba m'kaundula kuti mbaleyo inasweka n'kupakidwa. Akauzidwa zimenezi n'kuumirirabe, imeneyo ndi nkhani ina.

Za Jik ndikukana kwamtuwagalu. Mankhwala amenewo ali ndi chlorine, amene amalowa mumng'alu ndi mu pulasitala osatulukamo msanga, ndipo amafulumizitsa dzimbiri pa zitsulo zomwezo zimene tikufuna kupulumutsa. Komanso sachotsa dzimbiri konse. Ngakhale hydrogen peroxide, amene timagwiritsa ntchito pa madontho a mafuta ndi zakudya, pa dzimbiri sathandiza. Dzimbiri limafuna mankhwala okhala ndi phosphoric acid, monga Jenolite, opakidwa ndi kathonje pa kamzereko pokha kwa mphindi zochepa, osakhudza tizitsulo tamkuwa kapena pulasitala, kenako n'kupukuta kangapo ndi madzi oyera. Mwayi wake ndi woti buluu wa mbale zotere ndi utoto wa cobalt wojambulidwa pansi pa glaze asanaiotche, choncho sasuluka. Ikanakhala ya utoto wofiira kapena golide wa pamwamba ndikanakuchenjezani kwambiri.

Pozula tiwiri tadzimbirito musakoke ndi pulayala. Nyowetsani pulasitala ndi kathonje konyowa mpaka afewe, mumukokote ndi nsonga ya singano, mudule kachitsuloko pakati ndi katupa kakang'ono mutayala kapepala kolimba pansi pake kuti musakande glaze, ndiye muzule mwendo uliwonse paokha motsata kupendekera kwa bowo.

Paraloid B-72 ndimamukonda pa mbiya ndi zadothi zina zomwa madzi, koma pano ndikukayika pa zifukwa ziwiri. Porcelain, dothi la mbale ngati yanuyi, anaotchedwa pa moto wa madigiri pafupifupi 1,300 ndipo samwa kanthu, choncho asetoni wa mu guluuyo amachedwa kuuma m'kati mwa mfundo. Chachiwiri, Paraloid amayamba kufewa pa madigiri 40, ndipo mbale yoimikidwa pafupi ndi zenera m'chilimwe cha ku Cape Town, kapena yosiyidwa m'galimoto yotseka, ikhoza kufika pamenepo chibenthu n'kuyamba kutsetsereka. Ine ndingagwiritse Hxtal NYL-1, guluu wa epoxy wosakaniza mankhwala awiri, magawo atatu ku gawo limodzi poyeza kulemera kwake. Gwirizanitsani chibenthucho chouma ndi timatepi, muone kuti chikhadabo sichikukodwanso, ndiye mudonthetsere guluuyo pamzere kuti alowe yekha. Amatenga pafupifupi sabata kuti aume, koma amakupatsa mpata wokonza ukalakwitsa tsiku loyamba, ndipo sasanduka wachikasu msanga ngati epoxy wa m'sitolo.

Wokonza mawotchi ndi zamkuwa, Lusaka

Ndiwonjezereko pa mabowo anayi amene atsale. M'malo mowatseka, pindani tizitsulo tiwiri tatsopano ndi waya wamkuwa wonenepa mofanana ndi takaleto, muuphwanthe pang'ono ndi kahamala kuti ukhale wafulati mbali yogona pa mbale, ndipo mutikhazike ndi pulasitala osati guluu. Mukatero mng'aluwo sutsala wopanda chogwira pamalo amenewo. Musatidetse kuti tioneke takale. Tisiyeni towala, ndipo mulembe pa pepala lopita kwa eni ake kuti tiwiri timeneti ndi tatsopano.

Mmisiri wokonza zadothi, Cape Town

Akuluakulu, ndabweranso patatha masabata awiri kudzakuuzani mmene zayendera. Maginito anakoka titatu, osati tiwiri. Kachitatu kanali kobisika ndi litsiro ndipo dzimbiri linali litayamba kunsi kwake, choncho ndazula titatu monga amayi a ku Edinburgh anafotokozera, ndipo palibe bowo limene labenthuka. Nditaunika mumdima ndi katochi ka UV kaja amaunikira ndalama zachinyengo m'masitolo, ndinapeza kuti amene anamata chibenthu uja anapakanso utoto woyera masentimita awiri mbali zonse, pamwamba pa glaze wabwinobwino, ndipo pansi pa utotowo panali mbali ya duwa imene eni ake sanaionepo chibadwire. Guluu wakaleyo sanasungunuke ndi asetoni nthawi yomweyo, koma nditayalapo thonje lonyowa ndi asetoni n'kukulunga malowo mausiku awiri, anafewa ngati chingamu ndipo chibenthu chinachoka chokha. Kamzere ka dzimbiri kachepa kwambiri koma sikanatheretu, ndipo ndaleka pamenepo poopa kubwereza asidi kachinayi.

Bambo a ku Blantyre, ndinatsata mawu anu pokawasiyira eni ake chisankho. Ndinawaonetsa zithunzi za kunsi kwa mbale ndi kuwafotokozera za Guangxu. Anakhumudwa ndithu ndipo anakhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa ngati agogo awo ndi amene anasoketsa mbaleyo. Ndinawayankha kuti zikhoza kutero, popeza ntchito yotere inkachitikabe m'nthawi yawo. Anati tizitsulo tikhale ndipo za London aziganizanso.

Pakadali pano mbaleyo yaima m'beseni la mchenga, chibenthu chili pamwamba chogwidwa ndi matepi, ndipo lero ndi tsiku lachinayi la Hxtal. Chatsala ndi tizitsulo titatu tamkuwa, timene ndapinda kale kawiri konse osakwana bwino. Bambo a ku Lusaka, kodi wayayo mumayamba mwamuotcha kuti afewe musanapinde miyendo, kapena mumapinda ali wouma kuti asataye mphamvu yokoka? Ndawauzanso mayiwo kuti asadzaipachikenso pakhoma ndi waya wa sipuling'i umene inabwera nawo, ndipo ndikuwapangira choimikira chathabwa.