Zala zopindika, kodi opaleshoni imaziwongoladi?

Nachisale_22: Abale ndithandizeni. Bambo anga kachala kakang'ono ndi choyandikana nacho zinapindikira m'chikhatho, moti dzanja silimagona patebulo, ngakhale kupisa m'thumba akumavutika. Adokotala akuti ndi matenda a Dupuytren ndiye akufuna kuwapanga opaleshoni. Kodi zimatheka kudziwiratu ngati zalazo zidzawongoke?

Fizo_wamanja: Pepani achemwali. Choyamba onani mfundo imene yapindika. Ikakhala ya patsinde, pomwe chala chimalumikizana ndi chikhatho, nthawi zambiri imawongoka bwinobwino ngakhale itapindika kwambiri, koma ikakhala ya pakati pa chala ndiye pamakhala ntchito, makamaka kachala kakang'onoko, chifukwa mfundo imeneyi ikakhala yopindika zaka zambiri minyewa yoizungulira imafupika nkuuma, ndiye adokotala atha kuchotsa chingwe cholimba cha pansi pa khungu chimene chimakoka chalacho, koma chala osawongoka chonse. Afunseni kuti ayeza madigiri angati pa mfundo iliyonse.

Malume_J: Zoona zimenezo. Komanso muwauze bambo kuti vutoli limatha kubwerera, makamaka ngati linayamba akadali achinyamata, lili manja onse awiri kapena ku mtundu kwanu aliponso ena. Ngati ali ndi shuga kapena amasuta fodya bala limachedwa kupola, asabise zimenezi.

Nachisale_22: Shuga ali nayedi, ndipo kachala kakang'onoko kapindikira pakati. Ndiye tingosiya?

Fizo_wamanja: Ayi musasiye, kudikira kumangoumitsa mfundoyo. Ngakhale kasawongoke konse adzatha kugwira zinthu bwinoko, bola shugayo atsike kaye ndipo mafizo akatha opaleshoni asamajombe.