Bhangra ya mpikisano: wa zaka 40 angalimbe pakati pa anyamata?

Wakukamwala: Akuluakulu, gulu lathu la bhangra (gule wa ku Punjab, dera la ku India ndi Pakistan) muno mu Lusaka lili ndi ana a zaka 12 komanso abambo opitirira 40. Pa mpikisano tiwaike pamodzi kapena tiwagawe?

Woimba dhol (ng'oma ya bhangra): Yambani mwawerenga malamulo, bambo, chifukwa mipikisano yambiri imalekanitsa ana ndi akulu. Oweruza safunsa zaka, amayang'ana ngati nonse mukukweza mwendo ndi mapewa nthawi imodzi. Gule amatenga mphindi pafupifupi 8 osapuma, ndipo akulu mpweya umawathera chakumapeto: manja amagwa, kumwetulira kumazilala. Choipitsitsa ndi bethak, kunjuta n'kudzuka mwachangu kuja. Pasimenti mawondo amatupa, choncho yesererani pansi pa matabwa.

Mayi wa giddha (gule wa amayi wa ku Punjab): Musawataye abambowo. Jhummar ndi gule wodekha, ndipo ku Punjab agogo, mwana ndi mdzukulu amavina limodzi. Apo wamkulu amaposa mnyamata, popeza nakhra, kunyada kwa nkhope ndi mapewa, imabwera ndi kukhwima. Aikeni kutsogolo pa jhummar, abwerere kumbuyo ikayamba dhamaal, kuvina kwa liwiro ndi mphamvu kuja. Giddha nayonso silemetsa mawondo kwambiri: ndi kuwomba m'manja ndi kuimba boliyan, tinyimbo tachidule tija.

Woimba dhol: Zoona amayi. Koma anawo musawasenzetse anzawo pamapewa, msana usanakhwime. Khunda, ndodo yovinira ija, muwadulire yolingana ndi msinkhu, ikatalika imakola mnzake potembenuka. Sapp, choimbira cha timatabwa chimene amachitambasula n'kuchitseka chija, imapana zala, agwire pazogwirira pokha.